Radiyeta ya M'chipinda Chomalizira

Ndinabadwira kuchigwa, kumene anthu amagona pabwalo chaka chonse ndipo za chisanu amangozimva kwa alendo. Chaka chimene ndinachokako sindichikumbuka. Achibale anali atandisankhira mwamuna amene ine sindinamufune, ndiye tsiku lina ndinati ndikukatunga madzi, ndowa n'kuisiya pachitsime. Chimene ndikukumbuka bwino ndi msewu. Unkangokwera, ndipo nsapato ndinazinyamula m'manja kuti zisathe.

Ndinayenda mpaka mitengo inasintha. Milambe inatha, kunabwera mikungudza, kenako nkhungu. M'nkhungumo munatuluka nyumba yaitali ya miyala, yogona alendo, imene anasiya azungu a minda ya tiyi. Kumeneko anandilemba ntchito yosonkhezera moto.

Motowo sunali wophikira. Kuseri kwa nyumba kunali kachipinda ka mwaye, ndipo mkati mwake munali chimgolo chachitsulo chimene ankati boyila. Ndikaponya nkhuni pansi pake, madzi a mkatimo ankatentha n'kuyamba kuyenda m'mapaipi kuzungulira nyumba yonse. M'chipinda chilichonse, pansi pa zenera, munali chitsulo cha nthiti zambiri chomangirira kukhoma. Ankachitcha radiyeta, dzina lomwe lija la ya m'galimoto. Madzi otentha akadutsa m'nthitimo, chipinda chinkafunda popanda utsi, popanda lawi. Masiku oyamba ndinkachilambalala. Moto wosaoneka sindinkaukhulupirira.

Wosamalira mapaipiwo anali a Malikebu, bambo wachikulire, wamfupi, wosowa chala chachikulu kudzanja lamanzere. Sankakonda kuyankhula. M'mawa wina mlendo wa m'chipinda chomalizira anadandaula kuti wagona ngati ali panja, ndipo a Malikebu anandikodola.

"Iwe, tenga sanza ndi kambale. Tiye."

Titalowa anandigwira dzanja n'kuliika kumunsi kwa chitsulocho. Kunali kotentha. Analikweza pamwamba. Kunali zii.

"Wamva chiyani?"

"Chafa mbali imodzi," ndinatero.

"Sichinafe. Chatupidwa. Mpweya ukalowa umakwera pamwamba n'kukhazikika ngati mwini nyumba, madzi n'kumabwerera panjira."

Anavula kakiyi kakang'ono kamene ankakavala m'khosi, n'kukalowetsa pangodya ya pamwamba. Atapotoza pang'ono, chitsulocho chinayamba kufwenthera ngati njoka yopondedwa. Ine ndinali nditafika kale pakhomo.

"Bwerera. Tchera kambaleko. Udikire mpaka chilavule madzi."

Chinalavula. A Malikebu anatseka, n'kubwezera dzanja langa pamwamba paja. Ndinamva kutentha kukukwera m'nthiti imodzi imodzi mpaka kunafika pachikhatho changa. Sindinachotse dzanja mpaka linafiira.

Kuyambira pamenepo ankandiitana paliponse pamene akupita. Kapitawo wa nyumbayo sizinamusangalatse. Anandipeza tsiku lina ndikumasula nati pakhonde.

"Unaonapo kuti mkazi akugwira sipanala?"

"Mukumuona pano, bwana."

Anati ndisankhe, nkhuni kapena msewu. Ndinati nkhuni ndizisonkhezera ndithu, koma sipanala sindisiya. A Malikebu anali pomwepo, sanandiikire kumbuyo ngakhale ndi mawu amodzi. Anangondipatsira ina yokulirapo.

Nyengo zozizira zinadutsa zingapo. Kenako a Malikebu anati akutsika phiri kukaona mwana wawo wamkazi. Anandiveka kakiyi kaja m'khosi, n'kundilozera chikwama cha zida chimene chinali pamsomali, kuti ndichiyang'anire. Anatsika m'nkhungu atavala chipewa chawo cha ubweya. Sanabwerere, ndipo palibe amene anadziwa mudzi wa mwana wawoyo. Kapitawo atanena kuti zida zikalowe m'sitolo ndipo ine ndibwerere ku nkhuni zokha, ndinakoleka chikwamacho paphewa n'kutuluka pachipata cha kutsogolo, chodutsira alendo.

Ndinakwera lole ya matabwa, kenako sitima. Ndinawoloka mitsinje ndi malire, anthu n'kuyamba kuyankhula ziyankhulo zimene sindinkamva. Ndinatsikira m'tauni ya njanji ndi malasha, kumene m'mawa udzu umayera ngati wawazidwa ufa ndipo madzi a m'beseni amachita chigalasi pamwamba. Ntchito ndinaipeza panyumba yosanjikizana, ya mayi wina wa makiyi ambiri m'chiuno. Anandipatsa kachisakasa ka malata kuseri kwa mpanda.

Tsiku lina ndikulimbana ndi paipi yokana kumasuka, ndinaitukwana mokweza. Kuseri kwa mpanda kunamveka mawu a mwamuna.

"Ndani akutukwana m'chiyankhulo cha amayi angayo?"

Anasuzumira, nkhope ili bii ndi malasha, mano okha mbee. Dzina lake anali Filimoni, ndipo ankapakira malasha m'mabogi a sitima. Ankaimba moipa kwambiri koma osaleka. Tinakwatirana popanda ankhoswe, pamaso pa anthu akwathu ochepa amene ankakhala m'zisakasa za m'mbali mwa njanji.

M'nyumba yosanjikizanayo munalinso chipinda chomalizira, ndipo radiyeta yake inali yosafunda. Ndinaika dzanja. Pamwamba panali potentha, kumunsi zii. Ndinayesa kakiyi, madzi n'kutuluka nthawi yomweyo, popanda mpweya. Zimenezi a Malikebu sanandiphunzitse. Ndinakhala pansi n'kumayang'ana chitsulocho mpaka Filimoni anabwera kudzandifuna. Anachigogoda ndi nkhonya.

"Chikumveka ngati munthu wokhuta," anatero. "Tichisanzitse."

Tinatseka mbali zonse, n'kuchimasula kukhoma. Kulemera kwake kunali ngati ng'ombe yakufa, koma iye anachiika pamsana n'kutsika nacho masitepe akuimba. Pabwalo tinalowetsa paipi ya madzi kukamwa kwake. Munatuluka matope akuda, onunkha dzimbiri, ngati a m'dambo la mpunga. Tinatsuka, kugubuduza, kutsukanso, mpaka madzi anayera. Titachibwezera chinatentha chonse. Ndinaphunzira pamenepo kuti kuzizira kwa pamwamba ndi mpweya, kwa pansi ndi matope.

Malasha aja anali akulowanso mwa Filimoni. Chifuwa chinayamba ngati chimfine, nyimbo n'kumadukira pakati, kenako zinalekeratu. Nyengo yozizira itafika, malata a kachisakasa kathu ankadontha mame m'kati, ndipo iye ankanjenjemera ngakhale nditamufunditsa zonse zimene tinali nazo, ndi masaka omwe. Chonsecho kutsidya kwa mpanda kunali chipinda cha boyila, chofunda usana ndi usiku, chopanda munthu.

Ndinapita kwa mayi wa makiyi uja. Wosamalira maluwa ndiye ankamasulira.

"Akuti malo amenewo si ogona anthu."

"Auzeni kuti ndi masiku ochepa."

"Akuti ndi lamulo. Akutinso kuyambira lero kiyi azisunga okha."

Ndipo anakolekadi loko watsopano pachitseko.

Sindinadikire mdima. Dzuwa lili paliwombo, anthu akuyang'ana m'mazenera, ndinatenga sowo yodulira zitsulo n'kudula lokoyo pang'onopang'ono, mosabisa. Kenako ndinamubereka Filimoni kumbuyo ngati mwana. Munthu amene ananyamula chitsulo chija anali atapepuka ngati mtolo wa mapesi. Ndinamugoneka pamasaka pafupi ndi boyila, ine n'kukhala pakhomo, sipanala yaikulu ili pamiyendo.

Mayi uja anabwera akukalipa. Wa maluwa anati akunena za apolisi.

"Awaitane," ndinatero. "Adzayambe anyamula ine."

Palibe anabwera. Mwina anachita manyazi ndi anthu a m'mazenera aja, mwina anaopa kuti ndikamangidwa nyumba yonse izizira. Filimoni anakhalamo masiku angapo. Kunjenjemera kunaleka. Tsiku lomaliza anakankha bulangete ndi phazi, thukuta lili pamphumi.

"Kwatentha ngati kwathu," anatero. "Tatsegula chitsekocho, mkazi wanga."

Ndinatsegula. Pamene ndimatembenuka n'kuti atapita. Tinamuika m'dothi lofiira la eni ake, anzake a malasha akuimba nyimbo zake, moipa ngati mwini wake. M'mawa mwake ndinanyamula chikwama.

Zaka zotsatira sindingazilongosole mwa ndondomeko. Ndinkalowera chakumpoto, koma osati molunjika. Ndinkatsata chisanu. Kumene kuli phiri ndi nyumba zakale, kumeneko ndinkagogoda. Ndinagwira ntchito pasukulu yogonera komweko, pachipatala cha masisitere, panyumba ya wamalonda wina amene ankaweta atsekwe pakhonde. Pasukulu paja mlonda wina anandionetsa kamsomali kamene kamabisala pansi pa chopotokola cha radiyeta. Kakakhala chilimwe chonse osakhudzidwa kamauma, n'kutsekera madzi panja. Anati kasamamenyedwe mwaukali chifukwa kamathyoka. Kamafuna kadontho ka mafuta ndi kukagogoda mopepuka, ngati pakhomo pa apongozi, mpaka katadumpha kokha.

Nthawi zina ndimaganiza kuti inali nyumba imodzi yomweyo imene ndinkalowa, yongosintha eni ndi utoto. Khonde lalitali la m'kati, zitseko mbali zonse, kufupi ndi moto kofunda, kumapeto kozizira. Ndipo kumapetoko kunkakhala munthu nthawi zonse. Pasukulu anali ana okodza pogona. Pachipatala anali odwala amene achibale analeka kuwayendera. Kwa wamalonda uja anali mkazi wake woyamba. Ndinazindikira kuti m'chipinda chomalizira samuikamo munthu mwangozi.

Imvi zinali zitayamba pamene ndinafika pamtunda wina wa mphepo, wa minda ya mbatata ya kachewere, kumene anthu ankayankhulanso chiyankhulo chathu. Pamwamba penipeni panali nyumba ya njerwa zootcha, yaitali. Mwini wake, a Kachingwe, anamva za ine kumsika n'kunditumizira uthenga. Anandilandira pachipata, bambo wamtali, waulemu, wa jekete yabwino.

"Amayi, ndamva kuti zitsulo zimenezi mumazidziwa. Pali chimodzi chatisowetsa mtendere."

Tinayenda m'khonde la m'kati. Zipinda zinali zofunda, ndipo m'chimodzi mkazi wawo ankayamwitsa khanda. Titafika kumapeto anatsegula chitseko, mphepo yozizira n'kundimenya kumaso ngati ndatsegula chitsime.

Pampando wa pafupi ndi zenera panakhala mayi wokalamba, wamng'ono thupi, atamira m'chikhothi chachimuna chofika kumapazi. Pamiyendo anali ndi wayilesi, ndipo inkaulutsa mpira. Amenewo anali a Nasimango, mkazi wachiwiri wa malemu bambo awo a Kachingwe.

"Mayi aang'ono, ndabwera ndi mmisiri."

"Wabwera ndi mboni," anayankha osatembenuka. Kenako anakalipira wayilesi ija: "Patsira mnzako, iwe! Mwendo ngati munsi!"

Ndinagwada pa radiyeta. Pamwamba zii, pansi zii. Kakiyi kanatulutsa madzi oyera, ozizira, opanda mpweya. Nditagogoda, nthiti zinalira bwinobwino, mopanda matope. Kamsomali kanali kosauma, kankalowa ndi kutuluka. Ndinagwira mapaipi awiri okwera m'siling'i, wobweretsa madzi ndi wowabweza. Onse anali ngati miyala ya mumtsinje. Chitsulocho sichinkadwala. Madzi otentha ndiwo sankafika.

A Kachingwe ananditengera panja. Anayankhula motsitsa mawu, ngati munthu wachisoni. Anati mayiwo sanabereke, ndipo kwawo kuchigwa kuli achibale amene angawasunge kotentha. Anati chisanu cha pamtunda pano chiwapha koma amakana kumva. Anati amayi a kumpingo akhala akuwanena kuti akuzunza mkazi wa bambo awo.

"Mawa masana akubwera. Ndikufuna muwauze inu, monga mmisiri, kuti chitsulocho chinafa, sichingakonzeke. Akamva kwa inu awanyengerera apite kwawo."

"Ndiyambe ndakwera m'siling'i, bambo."

"Palibe chifukwa. M'mwambamo muli mileme yokha. Inu pumani, mudye, mawa muyankhule."

Atatero anakwera lole yawo ya mbatata n'kupita kumsika wa kutali, kokagona konko.

Nditabwerera m'chipinda muja, a Nasimango anali atatsitsa wayilesi. Anafwenkha fodya wa m'mphuno n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Makwerero ali kuseri kwa khola la nkhumba," anatero. "Mwana wa amuna angayo anakawabisa kumeneko atatsika. Ndinamumva akukwawa pamwamba pa mutu wanga ngati khoswe wovala nsapato."

"Nanga bwanji simunanene, amayi?"

"Ndinene kwa yani? Angoti nkhalamba yayamba kubwebweta, n'kundikweza lole mwachifundo."

Anandiuza kuti mwamuna wawo anabwera kuchokera kumigodi akuopa chisanu kuposa mkango, ndipo analumbira kuti nyumba yake idzakhala ndi moto m'makoma. Njerwa za nyumbayo anasenza iwo pamutu kuchokera kudambo, nthawi imene a Kachingwe anali kamwana kokhala ndi amayi ake m'tauni. Tsopano mwanayo ankafuna mbali ya kumapetoyo kuti azigonekamo ogula mbatata ochokera kutali.

"Muno ndidzatuluka m'bokosi," anatero. "Ndipo tsiku lake sasankha ndi iyeyo."

Ndinakatenga makwerero. Nditawaimika pakabowo ka siling'i, ndinamva wina akuwagwira pansi. Anali mkazi wa a Kachingwe, khanda lili kumbuyo. Sanandiyang'ane. Anangogwira.

M'mwambamo munalidi mileme, ndi fumbi, ndi kuwala kolowera m'mabowo a misomali. Paipi yaikulu inkachoka ku boyila, kuzungulira nyumba yonse n'kubwereranso, ndipo inali yotentha. Radiyeta iliyonse inkamwa pa iyo kudzera m'nthambi ziwiri, ina yotsika, ina yokwera. Ndinakwawa mpaka kumapeto. Panthambi yotsikira kwa a Nasimango panali vavu, chotsekera madzi, ndipo inali yotseka. Chogwirira chake chinali chitachotsedwa, pamutu pake pakuwala zipsera zatsopano za mano a sipanala.

Ndinaitsegula. Madzi anatsika akuguguda ngati munthu wa ludzu. Ntchito imene ndinaitanidwira inathera pomwepo, ndipo ndikanatha kutsika, kusamba m'manja, n'kumapita. Koma ndinakhalabe chogwada m'fumbimo, ndikuyang'ana paipi yaikulu ija. Ndinadziwa kuti ndisanafike n'komwe kumsika, makwerero adzakhala ataimikidwanso.

Nditatsika ndinawapeza a Nasimango atagwira chitsulo ndi manja onse, maso ali otseka.

"Amayi, pali njira ina. Koma ibweretsa phokoso m'nyumba muno."

"Phokoso lotani?"

Ndinawafotokozera. Pakati pa nthambi zawo ziwiri zija, paipi yaikulu inkangopitirira, ndiye madzi ankatha kuwalambalala. Nditati ndidule kachidutswa kameneko n'kutseka mbali zonse, madzi a nyumba yonse sakanakhala ndi njira ina yobwerera ku boyila koma kudutsa m'radiyeta yawo. Wotseka kwa iwo akanatseka zipinda zonse, ndi chake chomwe.

Anaseka mpaka fodya anawatsamwitsa.

"Dulani, mwana wanga. Dulani ndithu."

Ndinatembenukira kwa mkazi wa a Kachingwe, chifukwa nyumbayo inali yakenso. Anakonza khanda kumbuyo n'kufunsa chinthu chimodzi chokha: "Moto ndizimitse tsopano?"

Tinazimitsa moto, tinakhutula madzi, ndinadula. Dzuwa lisanalowe tinali titadzazanso thanki, ndipo ndinayenda chipinda ndi chipinda ndi kambale kutulutsa mpweya. Moto utayakanso, nyumba yonse inafunda, ndipo chipinda chomalizira chinafunda kuposa zonse zimene ndinazionapo.

Mawa lake a Kachingwe anafika pamodzi ndi amayi a kumpingo, atawakweza pa lole yawo. Anawatsogolera m'khonde nkhope ili yachisoni. Atatsegula chitseko anapeza a Nasimango atavala diresi ya manja aafupi, zenera lili pululu, akudzikupiza ndi chivundikiro cha poto.

"Lowani, lowani," anatero. "Pepani kutenthaku. Mwana wangayu anandipezera mmisiri wabwino."

Amayi aja anaomba m'manja, anayamika a Kachingwe chifukwa cha mtima wawo, anapemphera, n'kupita. A Kachingwe anamwetulira mpaka womaliza atatuluka pachipata. Kenako anabwerera.

"Ndinakuuzani chiyani, inu?"

"Munati ndinene kuti chinafa, bambo. Ine ndinachipeza chamoyo."

"M'nyumba mwanga mwakwera m'siling'i popanda chilolezo."

"Ndakwera. Ndipo ndisakubisireni, kuti musadzavutike pachabe. Madzi onse a nyumba ino tsopano akudutsa mwa amayiwa. Mukatseka kwa iwo, mwadzitsekera nokha."

Sanakhulupirire. Anavula jekete, anakokera makwerero pakabowo paja, ifeyo tikuona, n'kukwera ndi sipanala yawo. Tinawamva akukwawa pamwamba pathu. Ine ndinathamangira kuseri kukaphula zikuni zina pamoto, kuti boyila ingaphulike, kenako ndinabwerera. A Nasimango anavalanso chikhothi, anatseka zenera, n'kutsegula wayilesi.

"Khalani pansi," anandiuza. "Lero kuli mpira wabwino."

Sipanatenge nthawi, mapaipi anayamba kugunda m'makoma, gu, gu, gu, ngati wina akufuna kutuluka. Madzi osowa kolowera anawira m'boyila, ndipo paipi yopumira ya padenga inayamba kulavula nthunzi ndi madzi otentha pamalata. Anthu a m'minda ya mbatata anaweramuka, makasu ali m'manja, n'kumayang'ana nyumba ya a Kachingwe ikufuka. Ena anayamba kukwera mtunda poganiza kuti kwabuka moto. Mphepo ya masana inalowa pansi pa zitseko, zitsulo n'kumazirala chimodzi chimodzi.

A Kachingwe anatsika n'kukakhala pabalaza atapinda manja. Anapirira ndithu, ndiwapatse ulemu wawo. Anthu obwera kudzazimitsa moto anawabweza pachipata kuti palibe vuto. Dzuwa linapendeka, nkhungu n'kuyamba kukwera kuchokera kudambo.

Ndiye khanda linayamba kulira. Mayi wake anabwera nalo m'chipinda chathu, n'kuliika pamiyendo ya a Nasimango, iwo n'kulikutira m'chikhothi muja. Kenako anaima pakhomo n'kuitana, mawu ake ali phee.

"Bambo a mwana, mukatsegula inu kapena ndikwere ine?"

Wayilesi yokha ndiyo inkafuula kuti wina waphonya chigoli. Kenako tinamva makwerero akulira, ndi mawondo akukwawa pamwamba, ndi madzi akutsika m'khoma.

A Kachingwe anatsika ndi ukonde wa akangaude kumutu. Anandiuza kuti nditenge chikwama changa. A Nasimango sananditsanzike ndi mawu ambiri. Anandigwira dzanja, lawo lili lofunda, n'kunena kuti ndiyende bwino, ndipo ndisamalole anthu aatali kundiyankhula motsitsa mawu.

Pachipata a Kachingwe anati, "Ndiitana mmisiri wina adzabwezere mmene zinalili."

"Muitaneni, bambo. Nayenso adzakwera m'mwambamo, ndipo akadzatsika adzafunsa chifukwa chake mukufuna madzi azilambalala chipinda chimodzi. Mukonzeretu yankho, chifukwa mtunda wonse waona nthunzi ija."

"Kuno simudzagwiranso ntchito."

Pamenepo ananena zoona. Iwo ndiwo ankagula mbatata za anthu onse a pamtundapo, ndipo zitseko zinanditsekekera. Ngakhale pogona anandimana. Ndinagona m'khumbi la chigayo, kenako m'kalasi yopanda chitseko, ndikutsika pang'onopang'ono, ndipo chisanu cha chaka chimenecho chinandilowa m'mawondo moti mpaka lero sichinatuluke. Sindinadandaule. Ndikanapatsidwa tsikulo kachiwiri, ndikanadulanso pomwe paja.

Panapita zaka, sindidziwa zingati. Ndinali pamsika wina wa m'mbali mwa msewu waukulu, ndikusankha mbatata, pamene mayi wogulitsayo anatchula kumene zachokera. Unali mtunda womwe uja. Ndinamufunsa ngati amawadziwa a Nasimango a m'nyumba ya njerwa.

"A wayilesi aja? Ndani sankawadziwa? Anatisiya chaka chatha."

"Anamwalirira kuti?"

"M'chipinda mwawo momwemo. Mwana wa amuna awo uja anayesa izi ndi izi, koma mapaipi sanawakhudzenso. A Nasimango anakhala nyengo zozizira zambirimbiri, mpaka khanda lija linayamba sukulu likugona m'chipinda mwawo."

"Ndiye chinawatenga ndi chisanu?"

Mayiyo anaseka. "Chisanu chake chiti? Anapita m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, mazenera onse ali otsegula. Akuti mawu awo omaliza anali otukwana woyimbira mpira."

Ndinaseka pakati pa msikawo mpaka anthu anatembenuka, ndipo misozi inatsikira m'mbatata zimene ndinagwira. Mayiyo anandiyang'anitsitsa n'kundifunsa ngati anali abale anga.

Ndinati inde.